Phazi Langa ndi Banga la Luciya

Lolemba, 7 Meyi 1956

Kope ili andipatsa ndi a Lino, infirimeru, ndiye kuti namwino, wa chipinda chathu, pamodzi ndi lapisi yolembera. Akuti ndizilembamo chilichonse chimene ndafuna, bola zala za dzanja lamanja zizigwira ntchito, zisazolowere kupindika. Ndiye ndayamba.

Ndine Bernado, telala. Ndimasoka pakhonde la kantina ya Mmwenye ku Mandimba, koma mudzi wathu uli ku Ngauma, kumene kuli akazi anga a Margarita ndi ana athu atatu. Ndinafika kuno kuchipatala cha amishoni, kunja kwa Cuamba, Loweruka, pa kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula chimanga. Chandibweretsa ndi chilonda cha kuphazi lamanzere, pansi pa chala chachikulu. Chatha miyezi osapola, koma sichipweteka. A Lino akuti kusapwetekako ndiye nkhani yake.

Bedi ndi labwino. Pazenera ndikuona phiri.

Lachiwiri, 8 Meyi

Adotolo andiona m'mawa. Ndi Mpwitikizi wamfupi wadazi, ndipo a Lino ndiwo amamasulira. Anandivula malaya, anandimanga nsalu kumaso, n'kumandikhudza ndi kathonje pamsana, m'mikono ndi kumapazi. Ndikamva, ndimayenera kuloza pamene andikhudza. Pa mabanga awiri a pamsana sindinamve kanthu. Chala chaching'ono cha dzanja lamanja ndi chinzake choyandikana nacho, sindinamve. Kupansi kwa phazi lamanzere, zii. Atatsina kuseri kwa chigongono ndinadumpha. Kenako anacheka pang'ono kunsonga ya khutu, n'kupaka timadzi take pa kagalasi kuti akaone pa makina oonera tizilombo.

Lachinayi, 10 Meyi

Ndi khate.

A Lino anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anati, "Bambo Bernado, nthenda ndi imeneyi, koma mwadwala nthawi ya mankhwala. Kale tinkangobaya anthu mafuta owawa aja. Tsopano kuli mibulu, dzina lake sulufona, imabwera pa sitima kuchokera ku Nampula. Tizilombo timafa ndithu. Koma mtsempha umene wafa kale sudzukanso. Ntchito yanu ndi yanga ndi kusunga zimene zatsala."

Ndinafunsa ngati ndidzasokanso.

"Chala chachikulu ndi cholozera zili bwinobwino. Mukazisamala mudzasoka."

Masana sindinadye. Madzulo ndadya.

Lachisanu, 11 Meyi

Ndayamba mankhwala: theka la mbulu Lachiwiri, theka lina Lachisanu. Akuti adzawonjezera pang'onopang'ono thupi likazolowera. Andipatsanso mankhwala akuda owonjezera magazi, onunkha dzimbiri.

Bedi la kumanzere kwanga ndi la Che Athumani, Myao wa kufupi ndi malire. Kale ankagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta pa njinga. Akhala kuno zaka zambiri. Zala alibe, kwangotsala tizitsa, ndipo kaneka yawo yomwera chayi amaigwira ndi zikhatho ziwiri. Anandipeza ndikuyang'anitsitsa manja awo ndipo ndinachita manyazi, koma iwo anangoseka.

"Yang'anani ndithu, a telala, musaope. Anthu amati khate limadya zala. Bodza limenelo. Zanga zinadyedwa ndi moto, ndi mpini wa khasu, china anadya makoswe ine ndili m'tulo. Ndinkangoona magazi, osamva kanthu. Panalibe wondiuza."

Mwezi wawo wa Chisilamu wosala kudya watha. Mawa ndi Idi, ndipo andilonjeza mpunga.

Lachiwiri, 15 Meyi

Ndazolowera tsopano mmene tsiku limayendera. Belu likalira timakhala pakhonde aliyense ndi beseni lake, kuviika manja ndi mapazi m'madzi ozizira mpaka khungu lifewe. Tikatero timakwecha zikang'a ndi mwala, n'kupaka mafuta a nsatsi khungu lisanaume. Kenako kuwongola zala: ndimaika dzanja pantchafu n'kumalisisita ndi linalo, chala chilichonse pachokha. Pomaliza kalilole amazungulira, aliyense aone kupansi kwa mapazi ake. A Lino amati, "Phazi lanu silingakuuzeni kuti lavulala. Maso ndiwo afunse."

Ine phazi lachilonda saliviika. Amalitsuka ndi mankhwala ofiirira n'kulimanga. Kuyenda andiletsa. Kuchimbudzi ndimapita ndi ndodo ziwiri.

Lamulungu, 20 Meyi

Kwabwera akazi anga, amayi a Luciya. Abweretsa mtedza watsopano, mbatata ndi nzimbe. Akuti fodya wauma bwino chaka chino, chimanga chalowa m'nkhokwe. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Anandiyang'ana nkhope kwa nthawi n'kunena kuti ndanenepa.

Ndinawauza zimene a Lino anandituma, kuti onse ogona nyumba imodzi ndi ine ayenera kubwera adzawaone ndi kathonje kaja, iwo ndi ana onse atatu. Nkhope yawo inasintha.

"Bambo a Luciya, ine ndiye ayese lero lomwe. Aang'onowo ndingabwere nawo. Koma Luciya ayi."

Luciya ndi mwana wathu woyamba, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankhoswe anakumana kale, ukwati wake ndi Samuele, mnyamata wa mudzi wa kutsidya, ndi wa mwezi wa Okutobala.

"Kumudzi ndanena kuti munaponda msomali," anatero. "Akangomva kuti mtsikana wakwera kamiyau kupita kuchipatala chimenechi, akuchimuna abweza mawu. Mukudziwa mmene amayi a Samuele alili."

Ndinati nanga ngati ali nayo?

"Alibe. Ndimasamba naye kudambo. Ndikanaona."

Sindinawakakamize. A Lino anawayesa iwowo, alibe kanthu. Ndathokoza Mulungu. Mtedza tagawana chipinda chonse.

Lolemba, 21 Meyi

Andimanga chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pansi pa bondo, ndi kamtengo kupansi kopondera. Adotolo akuti chilonda cha mtundu uwu chimapola chikasiya kupondedwa, basi. Chikhala mpaka Julayi.

Apwitikizi chikhakha amachitchula jesu. Che Athumani atamva anaseka mpaka kutsokomola. "A telala, inu ndiye Mkhristu weniweni. Ena amamusunga mumtima, inu mpaka kumwendo!" Irima, sisitere woyang'anira zipinda, anali pakhomo. Tinaganiza kuti akwiya. Anatembenuka msanga, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Lachinayi, 24 Meyi

Ndinauza a Lino za kukana kwa amayi a Luciya. Anali akumanga bala la munthu wina, ndiye ankayankha osadzutsa mutu.

"Kusukulu ya ntchitoyi anatiphunzitsa kuti kuteteza nthenda kuli patatu. Pali kuitsekera isanalowe m'thupi: katemera, madzi owiritsa, chimbudzi, sabau wosambira, chakudya chokwanira. Pamenepo ndiye pabwino koposa, koma palibe amene amathokoza, chifukwa munthu sadziwa nthenda imene yamuphonya. Pali kuigwira itangolowa, mwini wake asanadziwe n'komwe kuti akudwala. Ndiye pali pano pamene tili ndi inu, beseni ndi mafuta a nsatsi, kuti chimene chawonongeka chisawonjezeke, munthu abwerere ku ntchito yake."

Che Athumani anati, "Nanga ine ndili pati?"

"Inunso pachitatu pomwepo, Che Athumani. Maso muli nawo, mapazi muli nawo. Ndikufuna mufe nawo."

"Ameneyu ndiye infirimeru, kutemberera odwala," anatero Che Athumani, akuseka.

Atamaliza kusamba m'manja, a Lino anabwera pabedi panga. "Khate lilibe katemera, bambo. Mwana wanu sindingamutsekere khomo loyamba. Koma lachiwirilo ndingathe, ndikangomuona. Banga likakhala limodzi, laling'ono, mibulu imalichotsa osasiya chilema. Tisadikire kuti adzabwere ndi ndodo."

Ndaganiza za mawu amenewa tsiku lonse.

Lachiwiri, 29 Meyi

Mbulu wathunthu kuyambira lero. Magazi akuti ali bwino.

Kwayamba kuzizira. Irima waletsa kuwotha moto pafupi, ndipo a Lino ajambula mzere ndi phulusa kuzungulira moto wa pabwalo, wina asaudumphe. Komabe dzulo bambo wina wa ku Lúrio, wolankhula Chimakhuwa chokha, anapsa chidendene akucheza. Anadziwa ndi fungo.

Loweruka, 2 Juni

Ndinaona kuti makaneka athu achitsulo amatentha, ndipo anthu amamwa chayi atawafumbata ndi manja osamva. Ndinapempha Irima tizigamba, singano ndi ulusi. Ndasoka timatumba tokhuthala tovalika kaneka, tisanu lero. Singano ndimaigwira bwino, koma nsalu imandipulumuka chifukwa zala ziwiri zija sizithandiza. Ndaphunzira kuipanikiza ndi bondo. Msoko wake sindinganyadire, ku Mandimba ndikanaumasula. Koma amayi ophika a ku chipinda cha akazi atumiza mawu kuti nawonso akufuna zogwirira miphika.

Tsiku latha msanga. Ndasangalala.

Lachisanu, 8 Juni

Thupi latentha. Chigongono chikupweteka kwambiri. Mabanga atupa, afiira.

Loweruka, 9 Juni

Aimitsa sulufona. Asipirini katatu. Dzanja alimangira kathabwa. Ndikulemba ndi lamanzere.

Lolemba, 11 Juni

Chimodzimodzi. Che Athumani andiimbira nyimbo za Chiyao. Mawu awo ndi oipa.

Lachinayi, 14 Juni

Kutentha kwatsika. Adotolo akuti zimachitika, thupi limalimbana ndi tizilombo takufa, ndipo nkhondoyo imagwera pa mitsempha. Akuti ndinachita bwino kunena tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha wotupa ukapanda kupumitsidwa ndiye dzanja limafa. Ayesanso ndi kathonje. Chala chachikulu ndi cholozera zikumvabe. Ndinapempha ayesenso kachiwiri kuti nditsimikize. Anayesa.

Ndadya phala ndi nthochi ziwiri.

Lachisanu, 15 Juni

Ndabwerera pa theka la mbulu.

A Lino abwera ndi nkhani. Kwamveka nthomba kutsidya kwa malire, ndiye boma latumiza katemera, ndipo iwo ali m'gulu lopita ku Mandimba ndi midzi ya ku Ngauma sabata yamawa.

"Pa katemera aliyense amatsitsa nsalu paphewa," anatero motsitsa mawu. "Akulu, ana, atsikana, amayi a Samuele omwe. Ine ndikamatema mphini maso anga amayenda pamsana ndi pamikono, ndimatero ndi aliyense. Palibe adzanene kuti mwana wa a Bernado amusankha. Mukundilola?"

Ndinati ndawalola. Ndinawauza kuti Luciya ndi wamtali ngati ine, ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo.

Lachitatu, 20 Juni

Chipinda chili zii popanda a Lino. Irima ndiye akumanga mabala. Kathabwa achotsa. Ndayambanso kuwongola zala, mofatsa. Makamiyau a thonje ayamba kudutsa pamsewu, fumbi lake limafika mpaka pakhonde.

Sindikudziwa chimene ndikupempherera, kuti asapeze kanthu kapena kuti ngati chilipo achipeze. Ndapempherera zonse ziwiri.

Lolemba, 25 Juni

A Lino abwerako, akuda ndi dzuwa. Sanandizungulitse.

"Aang'ono awiri ali bwino, ndawatemera. Luciya ali ndi banga limodzi pansi pa phewa lamanja, kumsana, laling'ono ngati tsamba la nandolo. Ndi loyererako pang'ono chabe. Amayi ake sakanaliona, ndi lofuna dzuwa ndi diso lozolowera. Pamzere sindinanene kanthu. Ndinapita kunyumba kwanu madzulo ngati wopereka moni wochokera kwa inu, ndipo ndinalankhula nawo awiriwo m'nyumba. Abwera Lamulungu."

Ndinafunsa ngati ndine ndinamupatsira.

"Mwina inu, mwina amene anakupatsirani inuyo. Zimenezo sizitithandiza. Chotithandiza ndi chakuti zala zake zonse khumi zikumva."

Ndinatembenukira kukhoma. Che Athumani anangokankhira kaneka yawo ya chayi pafupi nane.

Lamulungu, 1 Julayi

Abwera. Luciya anagwada patali monga mwa ulemu, kenako anadzuka n'kudzakhala pabedi penipeni. Anagogoda chikhakha changa ndi chala n'kufunsa ngati sichiyabwa. Ndinati chimayabwa pamene pakumva pokha.

Amayi ake maso anali otupa. Anati, "Ndinkati ndikumuteteza."

Ndinati ndikudziwa, nanenso ndinkaopa zomwezo.

Pomuyesa Luciya anandilola kukhalapo. Anamumanga nsalu kumaso. Kathonje pamkono, analoza. Patsaya, analoza. Kumapazi anaseka, akuti kakumugirigisha. Pa banga paja anangokhala chete, kudikira, osadziwa kuti amukhudza kale. Amayi ake anagwira pakamwa.

Atamumasula anafunsa yekha, m'Chipwitikizi chake cha kusukulu, kuti mankhwala amwa mpaka liti. Adotolo anati zaka ziwiri, mwina kupitirira. Anafunsanso ngati angadzabereke ana abwinobwino. Anati inde. Luciya anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuona kuti akwanitsa.

Lachiwiri, 3 Julayi

M'timadzi ta khutu la Luciya simunapezeke tizilombo. Adotolo akuti mtundu wake ndi wofatsa, sangapatsire munthu, ndipo palibe chifukwa chomugoneka kuno. Azikalandira sulufona ku posito, kachipatala kakang'ono ka ku Mandimba, kawiri pa sabata, azibwera kuno pakatha miyezi itatu iliyonse. Wamwa theka lake loyamba pamodzi ndi ine, kaneka imodzi.

Asananyamuke, amayi ake anati kumudzi tinene kuti amapita ku Mandimba kukayang'anira makina anga. Luciya anayang'ana pansi.

"Amayi, anthu ena muwauze zimene mukufuna. Koma Samuele ndimuuza ndekha."

"Mwanawe, ukudziwa chimene ukutaya?"

"Akamva kwa ena ndiye ndataya ndithu."

Anandiyang'ana onse awiri. Ndinati mwana wanena bwino. Amayi a Luciya anamanga katundu mwamphamvu kuposa mmene amamangira, koma ponyamuka anandisiyira chinangwa chowotcha ndi kandiwo ka nkhuku kamene anabisa pansi pa dengu.

Lachisanu, 6 Julayi

Achotsa chikhakha. Mwendo waonda ngati wa nkhuku, fungo lake Che Athumani anathawira pakhonde. Koma chilonda chatsekeka! Pangotsala chipsera chofiirira. A Lino anaitana Irima kuti adzaone.

Akuti chipsera chimenechi ndi chosakhulupirika. Ndisayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba, ndisayende mtunda wautali, ndiziponda timapazi tatifupi. Mmisiri wa pamishoni wajambula phazi langa papepala. Asoka nsapato za tayala zokhala ndi mphira wofewa mkati, zopanda msomali ngakhale umodzi.

Mbulu wathunthu kachiwiri. Thupi laulandira.

Lachinayi, 12 Julayi

Woyendetsa kamiyau wa thonje, amene amadziwana ndi alamu anga, wabweretsa mawu. Luciya anamuuza Samuele. Samuele anauza kwawo. Ankhoswe akuchimuna anayenera kubwera Lamulungu lapitali kudzakambirana za tsiku, sanabwere, ndipo sanatumize mawu. Amayi a Samuele asiya kutunga pachitsime chimodzi ndi akazi anga. Luciya akupitabe ku posito, sanaphonye.

Mtima wandipweteka. Komabe ndikafunsa mtima womwewo ngati ndikanakonda kuti banga lija likhale lobisika mpaka ukwati utachitika, ukukana.

Nsapato zafika. Ndi zonyansa maonekedwe. Ndayenda nazo mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera, kenako kalilole. Palibe pofiira.

Lolemba, 16 Julayi

Kuti ndisamangoganiza, ndayamba ntchito ina. M'mawa uliwonse Che Athumani amadikira munthu woti awamangire mabatani, ndipo ndaona kuti zimawawawa kuposa mmene amaonetsera. Lachinayi ndi Idi yawo yaikulu. Irima wandipatsa nsalu yoyera ya matumba a ufa, yochapa bwino. Ndikusoka mkanjo wopanda batani, khosi lotakata, ndi zingwe ziwiri zopindika m'mbali zoti alowetsemo chikhatho pokoka. Kabudula wake ndaika mphira wa chubu cha njinga m'chiuno. Ndawayesa ndi chingwe akuseka, akuti chiyambire sanayesedwepo ndi telala.

Lachinayi, 19 Julayi

Avala okha. Zinatenga nthawi, mkanjo unakodwa pamutu, ndipo bambo wa ku Lúrio uja anafuna kuwathandiza, koma anakana ndi chigongono. Atatulutsa mutu anaima pakati pa chipinda n'kudzisasa. Sananene nthabwala. Anangoti, "A telala, zikomo," n'kutuluka kupita kukapemphera ndi anzawo pansi pa mtengo.

Masana kunali nyama ya mbuzi yochokera kwa Asilamu a m'tauni. Anandipatsa chiwindi.

Amuna anayi andipempha mikanjo yotero. A Lino akuti auza adotolo kuti zimenezi nazonso ndi mankhwala.

Loweruka, 28 Julayi

Irima wandilola kukhala pa makina osokera a amishoni. Ndapalasa ndi phazi lamanja lokha, lamanzere ndaliika pa kampando. Poyamba msoko unkapita kumene ukufuna, koma pofika masana unawongoka. Fungo la mafuta a makina linandikumbutsa khonde langa. A Lino andichenjeza za nsimbi: chogwirira chake ndichikulunge nsalu, makala aziika wina, ndipo ndikamaliza ntchito ndiziyang'ana manja ngati mmene ndimayang'anira mapazi.

Kuchokera ku Ngauma kulibe mawu atsopano.

Lachiwiri, 7 Ogasiti

Achekanso khutu. Tizilombo tachepa kwambiri ndipo totsalato akuti ndi toduka, takufa. Adotolo akuti nditha kupita kwathu Lolemba. Sulufona ndizikalandira ku Mandimba limodzi ndi Luciya, kwa zaka zambiri, mwina moyo wonse. Zala ziwiri zija sizidzamvanso, koma sizinapindike kuposa mmene zinalili pobwera.

A Lino anandifunsa mafunso ngati mwana wa katekisimu. Ndikaona pofiira kuphazi? Ndisaponde mpaka pathe. Chigongono chikayamba kupweteka? Ndibwere tsiku lomwelo. Ana aang'ono? Ndiwaone pamsana padzuwa mwezi uliwonse. Anati ndakhoza. Andipatsa kalilole wanga ndi botolo la mafuta a nsatsi.

Ndinafunsa ngati anthu adzabweretsanso nsalu zawo kwa ine. Anati zimenezo sanaphunzire kusukulu.

Loweruka, 11 Ogasiti

Ndamaliza mkanjo wachinayi. Ndaphunzitsa mayi wina wa ku chipinda cha akazi kasokedwe ka timatumba ta makaneka, kuti tikang'ambika pakhale wosoka. Che Athumani akuti bedi langa asaikepo munthu wochita nkonono. Akuti ndikadzabwera kudzaonedwa ndiwatengere usipa wouma, osati wa m'kantina, wa pamsika.

Ndidzawasowa. Sindinayembekeze kuti malo ano ndingachokepo ndi mtima wotere.

Lamulungu, 12 Ogasiti

Titatuluka m'tchalitchi ndinakhala pakhonde ndikusenda chinangwa chowotcha. Ndinaona mnyamata ataima pachipata, fumbi la thonje m'tsitsi, chipewa m'manja. Anali Samuele.

Sanabwere kwa ine poyamba. Anafunsa a Lino, ndipo anakhala nawo nthawi yaitali m'kachipinda ka mankhwala. A Lino anandiuza pambuyo pake kuti mnyamatayo anafunsa zonse, za ana, za mbale, za mphasa, ndipo pomaliza anavula malaya kuti nayenso amuyese. Alibe kanthu.

Kenako anabwera, anakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja. Tinapatsana moni. Anati amayi a Luciya amutuma kuti adzandinyamulire katundu mawa. Ndinafunsa za kwawo.

"Bambo anga akuti zili kwa ine. Amalume akuti tidikire chaka tione. Amayi ndiye sakufuna kumva."

"Nanga iwe?"

Ine, mwa chizolowezi, ndinanyema chinangwa n'kumutambasulira. Dzanja lili m'malere ndinakumbukira chimene ndili, ndipo ndinayamba kulibweza. Iye anasendera pafupi, analandira ndi manja awiri, n'kudya. Anatafuna mpaka kumeza. Che Athumani, amene anali pambali pathu, anayamba kuyang'ana phiri ngati aliona koyamba.

"Okutobala sizitheka, bambo," anatero Samuele. "Amayi sindingawakokere kutchalitchi ndi chingwe. Ndiziwalankhula pang'onopang'ono, mwina mpaka tikakolole. Koma Luciya ndimamuperekeza ku posito pa njinga, anthu onse akuona, ndipo sindisiya."

Anamasula kamtolo kamene anali nako. Munali nsalu yakuda, yatsopano, yogula ku Cuamba konkuno m'mawa uno.

"Ndimati jekete ndi buluku. Palibe changu. Koma ndikufuna musoke ndinu."

Chingwe choyesera chinali m'thumba mwanga. Ndinadzuka, ndinaponda bwino pa nsapato zanga za tayala, n'kumuuza kuti aimirire awongole mapewa.

"Tambasula mikono, mwana wanga. Usapume mokweza, jekete ingakule."